Malisiti Akasowa: Njira Zodzazira Mipata Powerengera Kaboni wa Bizinesi Kuno ku Joni

Bambo wina wa kwathu ali ndi mathiraki awiri oyenda pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, komanso kachipinda kozizira kosungiramo nkhuku ndi nsomba cha ku City Deep. Tsiku lina anafika pa tebulo langa atanyamula jumbo. M'jumbomo munali malisiti a dizilo, ena atafafanizika ndi dzuwa la pa dashibodi kungotsala pepala loyera, timapepala ta mayunitsi a magetsi, ndi kabuku ka dalaivala kothimbirira ndi girizi. Pamwamba pa zonsezo anasanjikapo fomu yochokera ku kampani yaikulu imene amainyamulira katundu.

"Achimwene," anatero, "akuti ndiwauze utsi umene bizinesi yanga inatulutsa chaka chatha, m'matani. Utsiwo amaukweza pa sikelo yanji?"

Ntchito yanga ndi yosungira anthu mabuku a ndalama, ndipo mafomu otere akundipeza kawirikawiri masiku ano. Utsi sauyeza, amachita kuuwerengera. Mumatenga chinthu chowerengeka, monga malita a dizilo kapena mayunitsi a magetsi, n'kuchulukitsa ndi nambala imene akatswiri anaipeza kale, imene pa ntchitoyi amaitcha emission factor. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa kaboni, ya petulo pafupifupi 2.3. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Povuta m'pakuti chowerengekacho chimakhala chosakwana. M'jumbo muja munali mapepala a magetsi a miyezi 9 yokha, ndipo dizilo wambiri wothiridwa kupitirira Beitbridge analibe lisiti.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya makampani akuluakulu ikumupeza bwanji mwini mathiraki awiri. Msonkho wa kaboni wa dziko lino unayamba pa 1 Juni 2019 pa R120 pa tani, n'kufika R236 mu 2025, koma umenewo umalunjika mafakitale akuluakulu. Ife timaulipira pa pampu, uli m'kati mwa mtengo wa mafuta. Chimene chikubweretsa mafomuwa ndi kawerengedwe ka utsi wa makampani kotchedwa GHG Protocol, kamene kanatuluka koyamba mu 2001. Kamagawa utsi patatu. Scope 1 ndi wa mafuta amene mwawotcha nokha ndi gasi amene wathawa m'makina anu, Scope 2 ndi wa magetsi ogula, Scope 3 ndi wa anthu onse amene mumachita nawo malonda. Ndiye dizilo wa bambo aja, amene kwa iwo ndi Scope 1, kwa kampani yowapatsa katundu ndi Scope 3. JSE, msika wa masheya wa ku Sandton, inatulutsa malangizo ake a kaululidwe ka zanyengo mu Juni 2022, ndipo muyezo wa malipoti a makampani pa zanyengo wa IFRS S2, umene unatuluka mu Juni 2023, umafuna kuti Scope 3 aziululidwanso. Akafunsidwa akuluwo, funso limatsetsereka mpaka kufika kwa ife.

Palibe bizinesi imene ili ndi mapepala onse. Ngakhale maboma powerengera utsi wa dziko lonse amapenekera: malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la akatswiri a zanyengo la United Nations, ali ndi masitepe atatu, ndipo sitepe yoyamba ndi yongobwereka manambala a dziko lapansi pamene anuanu palibe. Kupenekera n'kololedwa. Kungoti kupenekera kwina kumaima pa mwala, kwina pa mchenga, ndipo munthu ayenera kudziwa pamene waponda.

Njira imene anthu oona mtima amathamangira ndi yosiya bokosi lopanda kanthu. Amati, "Sindingalembe chinthu chimene ndilibe umboni wake." Mtima umenewo ndimaulemekeza. Koma pophatikiza, bokosi lopanda kanthu limawerengedwa ziro, ndipo ziroyo nayonso ndi kupenekera, kumene tikudziwiratu kuti n'kolakwika. Bambo aja atafika pa mzere wa gasi wa m'mafiliji anafuna kudumphapo. Nditawafunsa ngati makaniki anabwerapo chaka chimenecho, anakumbuka kuti anabwera kamodzi chipinda chitasiya kuzizira, anathira gasi, iwo n'kumulipira pamanja. Tinamuimbira foni pomwepo. Anati anathira R404A, makilogalamu 5. Kilogalamu imodzi ya gasi ameneyu imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 3,900 a kaboni, ndipo gasi wothiridwa amalowa m'malo mwa amene anathawa. Mzere umene unatsala pang'ono kulembedwa ziro unali ndi matani opitirira 19. Makanikiyo akanapanda kupezeka, tikanawerenga kachitsulo kokhomedwa pa makina, kamene kamanena kuchuluka kwa gasi wokhalamo, n'kutengapo gawo: IPCC imati makina ozizitsa a m'masitolo apakati ndi akulu amataya pakati pa 10 ndi 35 peresenti pa chaka. Mpata wa 10 ndi 35 ndi waukulu, koma uli pafupi ndi choonadi kusiyana ndi ziro. Kusiya popanda kanthu kumayenera pa tinthu tating'ono, monga mapepala a mu ofesi ya anthu atatu, ndipo ngakhale pamenepo mulembe kuti mwasiya dala ndi chifukwa chake.

Magetsi tinawayendera njira ina, yotambasula miyezi imene ilipo kuti ikwane chaka. Ubwino wake ndi woti manambalawo ndi anuanu, ochokera pa mita yanu. Miyezi 9 ija inkatuluka mayunitsi pafupifupi 2,000 pa mwezi, ndiye munthu wachangu akanangolemba 24,000 pa chaka n'kupitirira. Koma funsani kaye kuti miyezi yosowayo ndi iti. Yawo inali Okutobala, Novembala ndi Disembala, nthawi yotentha pamene makina ozizitsa sapuma, komanso pamene chipinda chimadzaza ndi nkhuku za Khirisimasi. Kudzaza miyezi imeneyo ndi avareji yokhala ndi Juni ndi Julayi m'kati n'kudzichepetsera dala. Tinatenga Januwale mpaka Malichi, miyezi yotentha inzake, n'kuonjezerapo molingana ndi malonda a Disembala. Kwa mayi wophika buledi kapena wosunga malo ogona alendo ku Rosettenville zimatembenuka: chisanu cha kuno chimakweza magetsi ndi mahita ndi magiza, ndiye miyezi yosowa ikakhala ya pakati pa chaka, avareji imanamanso. Ndipo musanapenekere, yambani mwafufuza mu foni. Mayunitsi ogula kudzera ku banki amasiya uthenga wokhala ndi tokeni ndi kuchuluka kwa mayunitsi, ndipo kawiri konse ndapezamo miyezi imene eni ake ankati inatayika.

Chenjezo limodzi pa njira imeneyi: musabwereke miyezi ya 2023 kudzazira zaka zotsatira. Chaka chimenecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina mpaka Stage 6 (kuzima kwa maola ambiri pa tsiku), pomwe kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 anakhala miyezi yambiri osazima. Mita ya 2023 inkayenda pang'ono chifukwa ntchito ina inkagwiridwa ndi jenereta. Jenereta nayo imafuna mzere wakewake, poti ndi Scope 1. Ngati malisiti a dizilo wake anasakanikirana ndi a galimoto, werengani kawotchi ka maola kamene majenereta ambiri akuluko amakhala nako, n'kuchulukitsa ndi malita amene imamwa pa ola. Chimene chimadabwitsa anthu n'chakuti kuno jenereta ya dizilo yosamalidwa bwino, imene imatulutsa mayunitsi ngati atatu pa lita, utsi wake pa yunitsi sutalikirana kwenikweni ndi wa Eskom. Chiwerengero chonse sichisintha kwambiri. Chimene chimasintha ndi bokosi limene chikulowa.

Pa mathiraki m'pamene tinakhalitsa, chifukwa m'pamene panali utsi wambiri. Malisiti a ku Musina analipo. Koma dizilo wothiridwa ku Harare, ku Tete, kapena wa m'zigubu pamene mapampu auma, ankagulidwa ndi ndalama ya m'thumba mwa dalaivala. Njira yabwino pamenepa ndi yofunafuna chinthu china chogwirika cha bizinesi yomweyo chimene chimayendera limodzi ndi chosowacho. Malita asowa, koma makilomita sanasowe. Kuchoka ku Johannesburg kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo maulendo onse analembedwa m'mapepala a pa boda ndi m'mainvoisi. Tinatenga makilomita 3,500 kupita ndi kubwera. Dalaivala wamkulu, bambo wa ku Mangochi amene wayenda msewu umenewu zaka zambiri, anati thiraki yake ikadzaza imayenda makilomita awiri pa lita. Amenewo ndi malita 1,750 pa ulendo, matani 4.7 a kaboni. Maulendo 20 pa chaka, matani 94 ndi theka.

Nambala ya dalaivalayo sitinangoimeza. Tinasankha maulendo atatu amene malisiti ake anali athunthu kuyambira ponyamuka mpaka pobwerera, n'kugawa makilomita ndi malita. Ulendo umodzi unagwirizana naye, wina unatuluka bwinoko chifukwa anabwerera wopanda katundu, wachitatu unadya mafuta kuposa chifukwa anakhala masiku pa mzere wa Beitbridge, injini ikulira usiku kuti atenthedwe ndi kutchaja mafoni. Apa m'pamene njira ya makilomita imaperewera. Thiraki yoima simawonjezera makilomita koma imamwa. Kenako tinadzifunsa kuti, dalaivala atakhala kuti walakwitsa pang'ono, thiraki n'kumayenda makilomita 2.2 pa lita, zingasinthe motani? Chaka chonse chimatsika kufika matani 86. Kusiyana kwa matani 8 kapena 9 pa kanambala kamodzi. Mayeso amenewa, ongosuntha nambala yopenekera pang'ono n'kuona mmene chiwerengero chagwedezekera, ndi amene amakuuzani kumene muyenera kutaya thukuta. Munthu akhoza kutha sabata kuwerenga mabotolo a madzi a mu ofesi pamene kanambala ka makilomita pa lita kakusuntha matani.

Mlongo wake wa njira imeneyi ndi kugawana bilu ya landilodi molingana ndi kukula kwa chipinda. M'nyumba zambiri za mafakitale ang'onoang'ono ku Jeppestown kapena ku Selby mita ndi imodzi, obwereka ali khumi. Ngati nonse ndinu amaofesi, kugawana ndi masikweya mita kumayenda. Koma telala wa makina anayi akakhala khoma limodzi ndi wowotcherera zitsulo, telalayo asenza utsi wa mnzake. Bola kuwerenga mawati olembedwa pa makina anu n'kuchulukitsa ndi maola a ntchito, ndipo chaka chamawa mukhomeko kamita kanukanu.

Tsopano za manambala obwereka kunja, pamene ndaona anthu ophunzira akugwa. Boma la United Kingdom limatulutsa ndandanda ya manambala ochulukitsira chaka chilichonse, yaulere, yokonzedwa bwino, ndipo mapulogalamu ambiri a pa intaneti owerengera kaboni anamangidwa pa ndandanda imeneyo. Pa dizilo ndi petulo mukhoza kuibwereka osaopa, chifukwa lita ya dizilo imapsa pafupifupi chimodzimodzi ku London ndi ku Germiston. Pa magetsi ayi. Yunitsi ya magetsi ku United Kingdom inali ndi makilogalamu pafupifupi 0.2 a kaboni mu 2023. Kuno magetsi opitirira 80 peresenti amachokera ku malasha, ku masiteshoni monga Kendal, Matla ndi Kusile ku Mpumalanga ndi Medupi ku Limpopo, ndipo yunitsi imodzi imanyamula pafupifupi kilogalamu yathunthu. Kaya bilu yanu imachokera ku City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg, kapena ku Eskom mwachindunji, gwero lake ndi lomwelo. Mayunitsi 24,000 pa nambala ya ku London amatuluka matani osakwana 5. Pa nambala ya kuno ndi matani pafupifupi 24. Mnyamata wina wa ku yunivesite anandionetsa lipoti la bizinesi ya amalume ake lokongola ndithu, la matebulo ndi zithunzi, koma magetsi ake anali ochepa kasanu chifukwa sanasinthe dzina la dziko mu pulogalamu.

Ife Amalawi tili ndi msampha wathuwathu pamenepa, woyang'ana mbali inayo. Ambiri ali ndi kanthambi kwathu, golosale ku Limbe kapena chigayo ku Mzimba. Magetsi a ESCOM mbali yaikulu amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye kuwapaka nambala ya Eskom n'kuwasenzetsa malasha amene sanawotche. Mayinawo akungosiyana chilembo chimodzi koma utsi wake ndi wotalikirana. Komabe nambala ya kwathu nayo simakhala malo amodzi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi a madzi anachepa kwa nthawi yaitali, ndipo mabizinesi ambiri anadalira majenereta. Nambala ya magetsi iyenera kukhala ya dziko lake ndi chaka chake.

Njira yowerengera pa ndalama zimene mwawononga ndi imene imakopa anthu a ntchito yanga, chifukwa mabuku a ndalama ndi okhawo amene amakhala athunthu. Mumatenga marandi onse a zogula, n'kuchulukitsa ndi nambala ya utsi pa randi kapena pa dola ya mtundu wa katunduyo. Madzulo amodzi lipoti latha, mabokosi onse adzaza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira imeneyi imayeza mtengo, ndipo mtengo umayenda paokha. Petulo wa 95 kuno ku Gauteng anali R19.61 pa lita mu Januwale 2022, n'kufika R26.74 mu Julayi chaka chomwecho. R10,000 inagula malita 510 mu Januwale ndi malita 374 mu Julayi. Ndalama yomweyo, utsi wosiyana ndi makilogalamu opitirira 300. Za makwacha ndiye n'zoopsa kuposa pamenepo: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabuku a kanthambi ka kwathu akanaonetsa ngati utsi walumpha, pamene katundu wogulidwa ndi yemweyo. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njirayi siona khama. Mukagula katundu wokwera mtengo kwa wopanga amene amagwiritsa ntchito sola, lipoti lidzati utsi wanu wakwera. Mukanenerera mtengo, lidzati mwasamala dziko.

Sindikuti itayidwe. Pa mafuta imatha kuwongoleredwa: mtengo kuno umasintha Lachitatu loyamba la mwezi, ndiye gawani ndalama za mwezi uliwonse ndi mtengo wa mwezi womwewo, mubwerere ku malita. Pa dizilo samalani pang'ono, chifukwa mtengo wake wa pa pampu suikidwa ndi boma ngati wa petulo, umasiyana garaji ndi garaji. Ndipo pa zinthu zopanda sikelo, monga inshuwalansi, loya, kukonzetsa kompyuta, palibenso pena pogwira. Imathandizanso chaka choyamba, pongofuna kuona kuti mwa magulu 15 a Scope 3 ndi ati amene ali akulu kwa inu. Koma dizilo, magetsi, zitsulo, simenti kapena ufa, zinthu zimene zili ndi malita, mayunitsi ndi makilogalamu, musaziwerengere pa randi ngati pali njira ina.

Kufunsa amene amakugulitsani kumaoneka ngati mapeto a mavuto onse, ndipo safunsa anadya phula. Funsani ndithu, makamaka awiri kapena atatu amene mumagulako kwambiri. Koma nambala ikabwera pa pepala la chidindo, ifunseni mafunso omwewo amene mukudzifunsa nokha. Ndi ya chaka chiti? Yaphatikiza magetsi a fakitale okha kapena ndi zipangizo zimene anagula? Kawirikawiri mudzapeza kuti nayonso ndi yopenekera, yangovala suti. Nambala ya wogulitsa yosafotokozedwa ikhoza kuchepa mphamvu kusiyana ndi avareji yodziwika gwero lake. Kwa amene katundu wawo amathera ku Ulaya nkhaniyi yafika kale pa ndalama. Lamulo la European Union la CBAM, lolipiritsa utsi wa katundu wolowa kumeneko, limene linayamba ndi nthawi yongopereka malipoti pa 1 Okutobala 2023, limakhudza zitsulo, aluminiyamu, simenti, feteleza, magetsi ndi haidrojeni, ndipo wopanda manambala ake amapatsidwa oikidwiratu, amene anakonzedwa kuti azikhala okwererapo. Kumeneko kusowa mapepala kumalipitsa.

Ndikayika njira zonsezi pamodzi, mtima wanga umapendekera ku imene yaima pa chinthu chogwirika cha bizinesi yanu yomweyo: miyezi yanu ina, makilomita anu, maola a jenereta yanu. Avareji ya anthu ena imabwera pambuyo, randi pambuyo penipeni. Koma kusankha njira ndi theka chabe la ntchito. Pa lipoti lililonse ndimamatapo tsamba lina la mizere inayi: chimene chinasowa, chimene ndinaikapo, kumene ndinachitenga, ndi mmene ndikuchikhulupirira. Pa chomalizachi ndinabwereka kachitidwe ka mabanki a m'bungwe la PCAF, amene amapatsa manambala awo magiredi kuyambira 1, wodalirika kwambiri, mpaka 5, wongopenekera. Tsamba limenelo limateteza mwini bizinesi. Oditala akabwera sapeza chobisika, ndipo chaka chamawa, manambala enieni akapezeka n'kutuluka okwera kuposa openeka, mudzatha kuonetsa kuti chasintha ndi kawerengedwe, osati utsi. Mukasintha njira, bwererani mukonzenso chaka chakale ndi njira yatsopanoyo, apo ayi mudzakhala mukuyerekeza mbuzi ndi nkhosa. Ndipo pamene mukukayika pakati pa nambala ziwiri, tengani yokwererapo. Nyengo imene ikusokonekerayi ndi yomwe inakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chilobwe pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo sindifuna kuti dzanja langa lichepetse nambala pofuna kusangalatsa kasitomala.

Fomu ya bambo aja inapita ndi matani pafupifupi 140, ndi tsamba lofotokoza kuti dizilo wa kunja kwa boda ndi giredi 3, gasi wa m'chipinda chozizira ndi giredi 3, magetsi a miyezi 9 ndi giredi 1, a miyezi itatu ndi giredi 2. Akampani anafunsa funso limodzi lokha, la kumene tinatenga makilomita awiri pa lita, ndipo tinawatumizira maulendo atatu aja. Asanachoke tinagwirizana zinthu ziwiri. Makaniki akabwera azilemba pa invoisi dzina la gasi ndi makilogalamu ake. Ndipo madalaivala akamathira dizilo kulikonse, kaya pa pampu ku Tete kaya m'chigubu ku Zobue, azijambula malita ndi wotchi ya makilomita n'kutumiza pa gulu la WhatsApp asanalize injini. Chithunzi choyamba chinafika Lachisanu usiku kuchokera ku Nyamapanda, chosaoneka bwino chifukwa cha mdima, koma manambala ake ankawerengeka.